Matiresi a Apongozi

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene bambo anga anagulira apongozi awo matiresi. Tinkakhala m'mudzi wina kuseri kwa Namitete, kwawo kwa amayi, poti bambo anali mkamwini. Nyumba yathu inali kumunsi, ya agogo aNabanda, amayi awo a amayi anga, inali kumtunda pafupi ndi nkhokwe. Ine ndinkagona kwa agogoko kuti ndiziwatungira madzi ndi kuwakolezera moto m'mawa.

Bambo ndi agogo ankalemekezana moti mlendo akanaganiza kuti anayambana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Moni ankapatsana chapatali, bambo atanyonyomala, nkhope atayang'anitsa kumbali. Nkhani iliyonse pakati pawo inkadzera mwa amayi kapena mwa ine. Choncho amayi atanenapo kuti agogo akudandaula msana, bambo sanafunse zambiri. Anagamula okha mumtima kuti agogo akufunika pogona pofewa.

Chaka chimenecho fodya anawayanja. Atabwera kuokushoni, anafika pamudzi akukankha njinga, matiresi atawapinda pakati n'kuwamanga ndi malamba a chubu. Anadzitama kwa amayi kuti m'sitolomo anangoti, "Ndipatseni okhuthala ndi ofewa kuposa onse, ndi a apongozi anga." Analidi okhuthala, a nsalu yamaluwa ofiira, akununkha usitolo. Tinawayala pa bedi lamatabwa limene agogo aamuna anasiya, ndipo madzulo ake amayi a m'mudzimo anabwera kudzaona. Aliyense ankadinikiza ndi chibakera, dzanja n'kulowa mpaka m'mkono, kenako n'kulankhula zoti akamwini ena akanamva akanathawa ndi manyazi.

Agogo anandiitana. "Enelesi, pita ukawauze bambo ako kuti ndathokoza. Mwana wa eni wandiyesa munthu."

Ndinathamanga kukapereka uthengawo. Bambo anangoti, "Chabwino," koma tsiku lonse lotsatira ankaimba likhweru.

Vuto linayamba msanga. Agogo anali munthu wathupi, ndipo matiresi aja ankawalandira ndi mtima wonse. Chiuno chinkamira, mutu ndi miyendo n'kutsalira m'mwamba ngati munthu wakhala m'lichero. Pasanapite nthawi pakati panachita dzenje limene silinkabwereranso. M'mawa uliwonse ndinkawagwira manja onse awiri n'kumakoka, iwo akubuula. Akadzuka ankayenda chowerama mpaka dzuwa litakwera. Inali nyengo yothothola mtedza, ntchito imene ankaikonda chifukwa cha macheza ake, koma anasiya kupita kumunda. Kumsonkhano wa amayi a kumpingo, kumene sankajomba ngakhale kukhale mvula, anayamba kungotumiza moni.

Ndinawauza kuti abwerere pa mphasa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, anthu onse aja anaona. Bambo ako akamva kuti ndikugona pansi adziona bwanji? Ndipo usakayerekeze kukauza mayi ako." Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma agogo anali okonzeka kupirira chitseko chili chitsekere. Zinkandimvetsa chisoni, chifukwa ndinkaona kuti akufooka, pomwe bambo kumunsi kuja ankaganiza kuti awachiritsa.

M'mawa wina ndinakoka, ndinakoka, osatheka. Agogo analira ndi ululu, ine n'kuthamangira kwathu. Amayi anabwera akumanga chitenje m'njira, bambo ali pambuyo. Amayi analowa, koma bambo anaima pabwalo, poti mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Anamva kubuula konse ali pomwepo. Kenako anandikodola.

"Kodi agogo ako adwala chiyani? Tipite nawo kuchipatala?"

"Sakudwala ayi," ndinatero. "Matiresi aja amawameza."

Sanandikalipire. Anakhala pa mtondo umene unali chogona pabwalopo n'kuyamba kutokosa pansi ndi kamtengo. Amayi atatuluka, anawauza motsitsa mawu kuti, "Mayi a Enelesi, uzani amayi kuti Loweruka tipita ku Namitete. Akasankhe okha." Agogo anakana, anati n'kuwononga. Bambo anabweza yankho kudzera mwa amayi kuti ng'ombe azimanga ndithu, kaya pangolo pakwera munthu kaya ayi. Loweruka agogo anakwera.

M'sitolomo matiresi anali atatsamiritsidwa kukhoma. Agogo anayamba kuwatsina ndi zala monga tonse tinkachitira. Mwini sitolo, bambo wina wansangala, anagwetsa amodzi pansi n'kunena kuti, "Agogo, zala sizigona. Tagonanipo mumve." Agogo anagwira pakamwa. Kugona pansi masana, m'sitolo, pamaso pa amuna, mkamwini wawo ataima pakhomo! Anatembenuka kuti azituluka, ndipo ndinaona kuti ulendo wonse uja wapita pachabe.

Apo bambo anatsokomola. Polankhula ngati akuuza khoma, anati akumbukira kuti akufuna kuona matayala a njinga kutsidya kwa msewu. Anatuluka, ndipo anamukoka mwini sitolo uja kuti akawathandize kusankha. Amayi anamasula chitenje chapamwamba n'kundipatsa nsonga imodzi. Amayi ena awiri amene ankagula mchere anaona, anaseka, nawonso n'kutambasula zawo. Tinapanga mpanda wa zitenje pakati pa sitolo, ndipo kuseri kwake agogo anagona.

Atayesa matiresi oyamba anangoti, "Awa ndi abale ake a aja." Atayesa achiwiri anati akuwabaya m'chiuno ngati agona pa thabwa. Anafika pa ena osaoneka bwino n'komwe, a nsalu yotuwa, ocheperako msinkhu. Anagona chagada, anatembenukira kumanzere, kenako kumanja. Anatsinzina mpaka mmodzi wa amayi aja anafunsa ngati agona tulo. Kenako tinangoona atsamira chigongono n'kudzuka okha, popanda wowakoka.

"Awa akundinyamula," anatero. "Msana wawongoka ngati ndaimirira."

Ndinasuzumira panja. Bambo anali kutsidya kuja, atatipatsa msana, akutembenuza tayala limodzi lomwelo ngati muli nkhani yaikulu. Anabwera pokhapokha amayi atandituma kukawaitana. Ataona matiresi otuwa aja nkhope inagwa pang'ono, poti sanali oti anthu angabwere kudzaona. Komabe analipira. Anawasenza okha mpaka pangolo.

Msana wa agogo sunachire tsiku limodzi, ndipo ukalamba sunawachoke. Koma kubuula kwa m'mawa kunatha, ndipo mtedza usanathe kuthotholedwa anali atabwerera kumunda, atakhala pakati pa anzawo, akudula nkhani za anthu. Matiresi amaluwa aja anatsikira kunyumba kwathu. Bambo anagonapo sabata imodzi n'kuwapereka kwa achimwene anga, amvekere ana mafupa awo ndi anthete.

Lero ndili ndi nyumba yanga, ndipo ndagulapo matiresi kangapo. Sindiyang'ana maluwa kapena kukhuthala. Ndimavula nsapato n'kugonapo, ogulitsa aseke asaseke, ndipo ndikamagulira munthu wina ndimapita naye. Koma chimene ndinachimvetsa mochedwa ndi cha bambo. Kale ndinkaganiza kuti mphatso yawo yaikulu inali matiresi oyamba aja, amene mudzi wonse unawayamikira. Tsopano ndikudziwa kuti inali ya tsiku la ku Namitete lija. Munthu wofuna kutamandidwa anavomera kuti analakwitsa, n'kukaima kutsidya kwa msewu padzuwa, kuti mayi wokalamba asankhe zomukomera popanda kuopa kumukhumudwitsa.