Chigamba Chotuwa cha Anti Dorika

Fungo la nsalu yotentha ndi simbi likangondipeza, ndimaona Anti Dorika ataima pakhonde la fulati yathu ku Deira, mumzinda wa Dubai, akusita kansalu kawo koyera ka kumutu uku akuimba chapansipansi, kumsewu magalimoto akulizirana mahutala, utsi wa lubani ukukwera kuchokera m'mashopu a pansi pathu. Kansaluko sankakavula, kutenthe bwanji. Anali a mpingo wa Menonaiti, ndipo madiresi awo anali aatali, otuwa, opanda ngakhale duwa limodzi.

Poyamba anali aneba chabe. Ankakhala khomo loyang'anana ndi lathu, n'kumasoka zovala mushopu ina ku Bur Dubai. Amayi atamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi iwo amene ankandiluka tsitsi ndi kundilandira pochokera kusukulu, adadi akadali ku ofesi. Ndinkawakonda zedi. Koma patapita zaka ziwiri adadi anawakwatira, iwo n'kulowa m'chipinda cha amayi, ndipo chikondi changa chinaumira pomwepo. Ine Tadala makani ndinabadwa nawo, sindibisa. Kuwatchula kuti amayi ndinakanitsitsa. Iwo ankangoti, "Anti ndi dzina labwinonso, mwanawe."

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza sutikesi yanga yotsegula, zitenje za malemu amayi zili patebulo, zitadulidwadulidwa tizigamba. Mayo ine! Kwathu zovala za malemu sizigwiridwa mwachisawawa, achibale amayamba akhala pansi n'kugawana. Zitenje zimenezi azakhali anandipatsa ine pamaliro, ndipo ndikawasowa amayi ndinkazinunkhiza.

"Kumpingo kwathu timatero," anatero Anti, sizasi ili m'manja. "Zovala za mayi timazilumikiza chikhale chofunda cha mwana. Ndimafuna uziwafunda amayi ako."

"Munatenga bedi lawo, munatenga amuna awo, lero mwawadula ndi sizasi!" ndinakuwa. "Si inu mayi anga. Khalas, basi!"

Sanadziikire kumbuyo. Anaika sizasi pansi, nati, "Ndalakwa, Tadala. Ndinayenera kukufunsa. Undikhululukire." Kenaka anatola tizigamba tonse, kamodzikamodzi, n'kutiika m'thumba loyera pafupi ndi bedi langa.

Ine kukhululuka? Ndinatseka pakamwa miyezi ndi miyezi. Yunifolomu ndinkaipeza yosita, chapati chili chofunda m'mbale, koma moni wawo ndinkamuponda ngati sindinamve. Adadi akafuna kundikalipira, Anti ankawagwira mkono. "Msiyeni, bambo. Chilonda ndinachitokosa ndine."

Zaka zimenezo tsiku lopuma linali Lachisanu. Anti ankapemphera ndi kagulu kochepa m'fulati ina kutsidya kwa Creek, madzi a m'nyanja amene amagawa mzindawo pawiri, ndipo kawiri pachaka ankachita Mgonero ndi kusambitsana mapazi. Tsiku limenelo ankaliyembekezera ngati mwana akuyembekezera Khirisimasi. Lachisanu lina adadi, amene mpingo wawo unali wina, anangoti, "Vala nsapato, tiwaperekeze Anti ako. Yalla, tiye." Tinakwera abra, kabwato kowolotsa anthu kaja, fungo la dizilo ndi madzi amchere lili m'mphuno, ine nditatupitsa masaya n'kuyang'ana kumbali.

M'fulatimo munalibe ng'oma kapena gitala, mawu okhaokha, a ku Malawi, a ku Zambia, a ku India, olumikizana mpaka tsitsi kunyanyuka. Atatha kuimba, abambo analowa chipinda china, amayi n'kutulutsa mabeseni ndi matawulo. Pamenepo Anti ananyamuka mwakachetechete n'kukakhala pakhomo, pamene panali mulu wa nsapato.

Mayi wina wachikulire wa ku Lusaka anawalondola. "Ba Dorika, na lelo futi simuzadya? Aka n'kachiwiri."

"Ayi, amayi," anayankha Anti motsitsa mawu. "Ndinamulakwira mwana wanga, ndipo mtima wake sunatsike. Ndidikira."

Apo m'pamene ndinadziwa mwambo wawo, kuti munthu sadya Mgonero akadali ndi nkhani ndi mnzake. Chaka chathunthu makani anga anali atawatsekera pakhomo pa chinthu chimene ankachikonda koposa, ndipo iwo sanandiuzepo ngakhale kamodzi. Komanso pagulu paja sanati mwana wopeza, sanati mwana wamwano. Ndinachita manyazi, abale inu, manyazi otentha mpaka m'makutu.

Ndinanyamula beseni limodzi, madzi akutayikira pakapeti ya eni ake, n'kukagwada patsogolo pa Anti pakati pa nsapato paja, n'kuyamba kuwasambitsa. Mapazi awo anali ndi ming'alu, lamanja lolimba chifukwa chopalasa makina osokera. "Ndakukhululukirani," ndinatero. Misozi yawo inagwera m'beseni momwemo. Kenaka anandikhazika pampando n'kundisambitsa anga. Tsiku limenelo anadya Mgonero.

Chofunda chija tinachisoka tonse awiri, madzulo aliwonse pakhonde, ine ndikuwauza kuti chitenje ichi amayi ankavala kuukwati, ichi popita kumsika wa nsomba. Iwo ankamvetsera ndi kufunsa zambiri, osatopa. Chakumapeto kunapezeka kuti pakona paperewera chigamba chimodzi. Iwo ali kuntchito, ndinatenga sizasi ija n'kudula m'munsi mwa diresi lawo lopitira kutchalitchi.

"Iwe mwana!" anakuwa atabwera, diresi lili m'manja. "Osafunsa?"

"Nanga inu munafunsa, amayi?"

Anandiyang'ana kanthawi, chifukwa dzina limenelo anali asanalimvepo pakamwa panga. Kenaka anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta maso ndi diresi lodukalo.

Lero ndine namwino muno mu Dubai momwemuno, iwo ndi adadi anabwerera kumudzi ku Mchinji. Ndikakangana ndi mnzanga kuntchito, sindiweruka ndisanamupeze, ndipo zimenezi ndimathokoza iwo. Chofunda chija chili pabedi panga, chatha m'mbali, ndachisokanso kangapo. Anzanga akabwera amafunsa kuti chigamba chotuwacho chikutani pakati pa maluwa okongola chonchi. Ndimawauza kuti zamaluwazo ndi amayi amene anandibereka, chotuwacho ndi amayi amene anandidikira.