Feteleza wa ababa atasungunuka

Chaka chimene ababa anagulitsa bwato, ine ndinali nditabwerera kwathu ku Malindi, banja litandikanika ku Nkhudzi. Amayi anali atatisiya kale, tsono pakhomo tinalipo awiri: nkhalamba youma mutu ndi mwana wake wotengera khalidwe lomwelo.

Ababa anali msodzi kuyambira ali mnyamata, koma nsomba zinali zitatha. Ankapita kukaonjola matchera mbandakucha n'kubwera ndi tinsomba toti mphaka sangakhute. Tsiku lina anangoti, "Basi, ndikhala mlimi." Ndinaseka, chifukwa munthuyo khasu ankaligwira ngati nkhafi. Koma sankacheza. Anagulitsa bwato ndi matchera omwe, n'kugula matumba awiri a yureya, feteleza wobereketsa woyera uja. Wokulitsa sanamukwanitse, anangothira manyowa a mbuzi. Chimanga cha kumunda wathu wa m'mbali mwa phiri chinayenera kubereka basi, poti kunyanja kunalibenso kobwerera.

Kwathu kuno feteleza sagula mwachimbulimbuli. Anthu anapsapo, kugula thumba loti pansi pake ndi mchenga wokhawokha. Ababa anamasula matumba onse awiri, nang'amba pulasitiki ya m'kati, napisa dzanja mpaka pansi. Anatapa pang'ono kuika m'kapu ya madzi n'kutakasa ndi chala. Timibulu tija tinachepa, tinachepa, mpaka kutheratu, pansi pa kapu osatsala kanthu.

"Weniweni ameneyu," anatero akumwetulira. "Koma taona mayi, madzi azizira ngati a mumtsuko. Wapita kuti fetelezayo?"

Sukulu ndinaisiyira Fomu 3, koma phunziro limenelo ndinalikumbuka, ndipo ndinafuna adziwe kuti fizi yawo sinapite pachabe. Ndinawafotokozera kuti chinthu chikasungunuka sichitha ayi. Madzi amakaphwanya kambulu kalikonse kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, kachidutswa kalikonse n'kukazungulira, n'kumayenda nako kulikonse kumene akupita. Kuti aphwanye yureya, madziwo amaonongapo kutentha kwawo, n'chifukwa chake amazizira. Ukawaumitsa, chinthu chija chimabwerera.

"Ndiye kuti wabisala," anatero ababa. Anamanga matumba aja kukamwa ndi luzi, nawaimika pa njerwa m'chipinda chawo, pafupi ndi mphasa. Ine sankandilola n'kuwakhudza komwe.

Chimanga chitafika m'maondo, tikukonzeka kuti tikathire, kunabwera uthenga woti achemwali awo amwalira ku Nkope. Tinatseka nyumba n'kupita. Tili pamaliropo mvula inayamba, ya usana ndi usiku, ndipo galimoto zinasiya kuyenda. Nyanja inali itakwera kale chaka cham'mbuyo osabwerera m'malo mwake, moti kumudzi kwathu ukakumba pang'ono unkapeza madzi. Mvula imeneyo inalibe kolowera.

Titafika kwathu, nyumba inali chiimire, koma pabwalo madzi anali m'akakolo, akuyenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Ababa sanayang'ane mbuzi, sanayang'ane zovala. Analunjika kuchipinda, ine pambuyo. Nditangoponda m'chipindamo ndinadziwa. Madzi a pabwalo anali ofunda, koma a m'menemo anali ozizira moti mapazi anachita dzanzi. Njerwa zija zinali zitamira m'dothi lofewa, matumba atagwa chammbali, ataphwa. Ababa ananyamula limodzi ndi dzanja limodzi. M'ngodya mwa thumbalo munatsala phala pang'ono chabe.

Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pawindo n'kuti, "Pepani ababa, madzi akatayika saoleka." Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi njerwa. Mwambi ndi wokoma feteleza akakhala wa mnzako.

Ababa anatembenukira kwa ine. "Paja unati satha. Unati ukaumitsa amabwerera."

Ndinavomera, chifukwa ndi zoona. Anatseka pansi pa chitseko ndi matumba aja ndi dothi kuti madzi asapitirire kutuluka, ngakhale ambiri anali atatuluka kale. Ine ndinazula nsungwi zouma za kudenga la khola, n'kusonkha moto pa chitsulo cha mgolo, n'kutereka poto wodzaza madzi a m'chipinda. Anawira nthawi yaitali, akutulutsa fungo lolasa m'mphuno, longa la mkodzo wa mbuzi. Ataphwa, pansi pa poto panatsala kachikhokho kofiirira, kosakanikirana ndi matope, kosadzaza supuni ziwiri. Ababa anakapala ndi mpeni, nakayang'ana, kenako anayang'ana madzi amene anali m'chipinda. Nkhuni za mudzi wonse sizikanakwana.

"Ndiye timunyamula momwemo," anatero. "Munda sufuna timibulu, ufuna feteleza."

Tinayamba kutunga. Iwo zigubu panjinga, ine ndowa pamutu, kukwera chitunda cha kumunda m'matope, kutsika, kukweranso. Anthu ankatiyang'ana: mvula ikuwaza, ife tikutunga madzi m'nyumba kukathirira chimanga. Ena ankaseka poyera. Ndinawatukwana onse mumtima, ndi ababa omwe, ndi nyanja yomwe, koma ndowa sindinaitule. Khosi linauma, madzi akundiyenderera kumsana, tizilonda ta m'manja tikunyerenyetsa. Pofika tsiku lachiwiri, madzi a m'chipinda anali atafunda ngati ena onse, chifukwa ena ankalowabe kuchokera pansi. Tinkadziwa tonse kuti tsopano tikunyamula madzi wamba, koma palibe anafuna kuyamba kunena.

Chimene sitinachiganize n'chakuti madzi oyamba aja, a pomwe panagwera matumba, anali amphamvu zedi. Ababa, pofuna kuti dontho lisatayike, ankawatsanulira pamtima penipeni pa phesi. Patapita masiku ochepa mizere yoyambayo inawauka, masamba kupiringizika ngati apsa ndi moto. Mizere ya pakati inabiriwira kwa kanthawi, ndipo ababa ankaima pamenepo nthawi yaitali, osafuna kuyang'ana kwina. Munda wonse wotsala unachita chikasu, n'kufulumira kumasula ngayaye chimanga chili chachifupi. Mvula ikakuona litsiro sikata, amatero, ndipo chaka chimenecho sinakatedi. Inakokolola ndi kochepa kamene kanalowa m'nthakako.

Tinakolola tizitsononkho ta mano apatalipatali, tomwe tinathera m'madengu ochepa. Tinadya mosinira, koma mphepo ya mwera isanathe, ufa unali utatha. Ine ndinayamba maganyu opala nsomba ndi kuyanika usipa wa eni ake pa thandala. Ababa anasiya kupita kutchalitchi, anasiya bawo, ankangokhala pakhonde. Nkhani ya feteleza sanaitchulenso, ndipo ine ndikanakonda akanandikalipira, kapena kutukwana mvula, kusiyana ndi chete ameneyo. Ndinkawaopa, ndiponso ndinkawamvera chisoni.

Padoko pathu pali mwambo: khoka likamakokedwa, aliyense wogwirako chingwe amapatsidwa kadzanja ka nsomba. Ogwirako chotero amakhala amayi amasiye ndi anthu opanda pogwira. Asodzi enieni sachita zimenezo, ndipo ababa moyo wawo wonse anali mbali ya opatsa.

M'mawa wina ndikuyanika usipa, ndinaona munthu wa chipewa chodziwika kumapeto kwa chingwe, akukoka chafutambuyo pamodzi ndi amayi aja. Anali ababa. Khoka litatuluka, anaima pamzere. Wogawayo, mwamuna amene ababa anamuphunzitsa kusoka ukonde, atawazindikira anadzidzimuka, natapa manja awiri odzaza, maso ali kumbali. Ababa analibe mbale. Anavula chipewa n'kulandiriramo.

Anadutsa pafupi ndi thandala langa. Ndinawerama ngati ndikutola usipa wogwa pansi kuti asadziwe kuti ndawaona, koma anaima pomwepo mpaka ndinadzuka.

"Tenga, mayi," anatero. "Ukaphike. Mawa ndilawirira, malo a kutsogolo pachingwe amatha msanga."