Chitsime cha pa Esiteti

Pawindo la chipinda changa pali nsangalabwi yosalala ngati dzira la nkhunda. Inatuluka m'chitsime chimene atsibweni, alongo awo a amayi, ankakumba pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kabudula, m'zaka zija amuna ankatengedwa kupita kunkhondo. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu. Ife tinali matenanti, ndipo mwini malo ankafuna madzi othirira nazale, dambo litauma mpaka kung'ambika.

Atsibweni sankasakaniza dothi lotuluka m'dzenjemo. Ankaliunjika milu milu monga analipezera: katondo wofiira, kenako lubwe wolimba amene ankathetheka moto pa piki, kenako dongo lotuwa lonunkha ngati mtsuko watsopano. Tsiku lina anathira dothi m'chipanda cha madzi, nakhutchumula, n'kundiuza kuti ndidikire. Timiyala tinagona pansi, mchenga pamwamba pake, matope pomaliza.

"Madzi amayala choncho," anatero. "Cholemera chimayamba kugona. Zaka zikachuluka, zapamwamba zimapsinja zapansi mpaka zisanduke mwala."

Ndakhala ndi anthu ophunzira ambiri chiyambire, koma palibe anandifotokozera nthaka momveka chotero.

Sabata yachitatu ndowa inayamba kubwera ndi mchenga wonyowa, wosakanikirana ndi nsangalabwi. Ine ndinasangalala. Atsibweni anafinya mchengawo m'dzanja, atatambasula unangoyoyoka. Anati pamenepo padadutsa mtsinje kalekale, ndipo mchenga wake unali usanagwirane. Ndikasuzumira ndinkamva kaphokoso kosaleka, mchenga ukugwa wokha m'mbali, waa, ngati mapira akuthiridwa m'lichero.

Atsibweni anapempha kapitawo njerwa zomangira m'kati mwa chitsimecho. Kapitawo sanasuzumire n'komwe.

"Mbande zikufota. Ngati mwatopa, alipo ena ofuna malo anuwa."

Amayi anali ndi pakati, abambo ali kunkhondo. Tikanapita kuti? Lero ndimaona kuti kapitawo nayenso anali ndi womuopa, koma mtima wanga sunamukhululukire.

M'mawa mwake atsibweni anadya pang'ono. Anakonza chitseko chathu chimene chinakhala chopendekeka chaka chonse, kenako anandiitana.

"Iwe, thamanga kwa ashehe a sitolo ku Nsaru ukabwereke chingwe chachitali. Usabwere wopanda."

Unali ulendo wa tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo. Ashehe anadabwa, anati sanagwirizanepo za chingwe ndi munthu aliyense, nandipatsa madzi akumwa. Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo, mapazi atatupa, ndikukonza mawu oti ndikawauze atsibweni.

Ndinapeza anthu ataima mozungulira, makasu ali m'manja, koma palibe amene ankakumbanso. Pamene panali chitsime panali chidikha chabe, atsibweni osaoneka paliponse, ndipo pambali pake panagona chingwe chawo chachitali, chopindidwa bwinobwino. Amayi atandikumbatira, ine ndinangowafunsa chifukwa chimene atsibweni anandiyendetsera mtunda wonsewo, chingwe ali nacho kale.