Sukulu ya m'thiraki ya alamu anga

Lachiwiri lapitali, ndili pakati pa nkhomaliro, foni yanga inalira kamodzi n'kuduka. Inaliranso, n'kudukanso. Inu mukudziwa kale: wachibale yekha ndiye amafulasha molimba mtima chonchi. Nditaimba, ndinapeza kuti ndi mchemwali wanga Esinati.

"Achimwene, tili pa boda. Mapepala a katundu achedwa, mwina tikhala pano masiku awiri. Bwerani mudzawaone ana."

Ndinasamba m'manja, n'kuika cholembera chofiira m'thumba la malaya. Sindinkapita kukacheza ayi. Ndinkapita kukaweruza mlandu.

Ndikufotokozereni chiyambi chake. Esinati anakwatiwa ndi a Mbewe, dalaivala wa thiraki yonyamula katundu pakati pa Lilongwe, Lusaka ndi kwina kutali uko. Ngati abwana awo akuwerenga nawo tsamba lino, dzina la Mbewe ndangopeka. Kwa zaka zambiri Esinati ankakhala kuno ku boma ndi ana awo awiri aakazi, Tadala ndi Mwayi, amuna ali pamsewu. Kenako mphekesera zinayamba kufika, zina pa minibasi, zina pa njinga, zoti thiraki ya alamu imakonda kuwonongeka pa Katete, ndipo imawonongekera pakhomo limodzimodzi.

Mchemwali wanga sanalire, sanathamangire kwa ankhoswe. Tsiku lina alamu akuti adzuke ulendo, anapeza mkazi, ana awiri, mbaula ndi zikwama zili kale m'thiraki.

"Kumene mukupita tikupita tonse," anatero Esinati. "Ikawonongeka pa Katete, tikankha nawo."

Papita miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndikumva kuti thirakiyo sinawonongekenso.

Koma ine ndine malume, mwini mbumba, komanso mphunzitsi. Ndinafunsa za sukulu ya ana. Alamu anayankha monyadira ngati nduna yotsegulira mlatho.

"Alamu, dziko linapita patsogolo. Ana aziphunzira pa intaneti."

Anali atagula laputopu yakale ku Lusaka n'kupeza sukulu ina ya ku Joni yotumiza maphunziro pa imelo. Akafika m'tauni amalowa mu kafe ya intaneti, kutumiza ntchito yomwe ana alemba n'kutenga yatsopano. Mphunzitsi wawo sanamuonepo nkhope.

Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndameza fumbi la choko zaka zonsezi, lero mundiuze kuti mwana angaphunzire ali pa bedi la kuseri kwa dalaivala, mphunzitsi ali ku Joni? Nanga akagona pa masamu, ndani amudzutsa?

Ndiye Lachiwirilo ndinakwera galimoto ya pa boda ndili ndi chigamulo changa kale m'mutu.

Thiraki ndinaipeza pamzere wautali wa anzake. Sinali yovuta kuizindikira, chifukwa inali yokhayo yokhala ndi chingwe choyanikapo madiresi a ana. Pansi pa ngolo ya thirakiyo Esinati ankakazinga mtedza pa mbaula. Titapatsana moni, ndinakhala pa chigubu cha madzi n'kuitana Tadala, wamkuluyo, amene chaka chamawa ayenera kulemba mayeso a Sitandade 8.

Ndinayamba ndi jogalafe, phunziro langa.

"Mtsinje wa Luangwa umathira kuti?"

"Mu Zambezi, amalume. Koma pa mlatho pake pamatentha! Amagulitsapo nsomba zouma, ndipo asilikali salola kujambula."

Ndinakonza kolala. Ine Luangwa ndamuphunzitsa kwa zaka zambirimbiri, koma ndimamudziwa ngati kamzere kobiriwira pa mapu ong'ambika. Ndinafunsa za migodi ya kopa, mwana anandiuza mpaka fungo lake. Mng'ono wake Mwayi anandipatsa moni m'Chibemba, n'kundiseka nditalephera kuyankha. Alamu, amene anatsamira tayala, anayamba kuimba mluzu.

Ndinatembenukira ku masamu. Ndinalemba samu yogawa, yosavuta, yoti mwana wa Sitandade 5 amaimaliza akutafuna nzimbe. Tadala anaiyang'ana samuyo. Samuyo inamuyang'ananso. Anayamba kuluma pensulo, kenako anasuzumira kwa amayi ake.

Mluzu wa alamu unazima.

"Koma amakhoza mwanayu," anatero alamuwo. "Tadala, waonetse amalume ako."

Anatsitsa laputopu, imene amaitchaja ku batire la thiraki. Ndipo zoonadi, masamu onse anali okhoza, ovuta kuposa yanga ija. Pansi pake mphunzitsi wa ku Joni anali atalemba mawu oyamikira, akuti sanaonepo mwana wa zaka khumi ndi ziwiri woganiza ngati munthu wamkulu.

Pamenepo mphuno yanga ya uphunzitsi inanunkhiza kanthu. Ndinapempha kuona chimangirizo chomwe anatumiza posachedwa. Mutu wake unali wakuti, tsiku limene sindidzaiwala. Chinali m'Chingerezi chotsimphina apa ndi apo, koma nkhani yake inali yowongoka. Wolembayo ankanena za m'mawa wina pamene bambo ake anamuitana iye ndi mchimwene wake pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti fodya sanachite bwino, kotero mwana mmodzi yekha ndiye apitirize sukulu. Anasankha mnyamata. Mtsikanayo anachapa yunifolomu yake, anaisita ndi makala, n'kuipinda pansi pa mphasa, poganiza kuti mwina chaka chamawa.

Mtengo wa mango umenewo ndimaudziwa. Uli kwathu ku Dowa. Mnyamata wosankhidwayo ndi amene akukulemberani pano.

Ndinakweza maso. Esinati anali atatembenukira ku mbaula, akutakasa mtedza womwe unali utapsa kale.

"Tadala," ndinafunsa motsitsa mawu, "analemba izi ndani?"

Mwana wa masiku ano sasunga chinsinsi cha boma.

"Amayi. Ine ndimangowatayipira, chifukwa iwo amachedwa kupeza zilembo."

"Masamu aja?"

"Amayinso. Ndikati ndiyese, amati ndikuchedwetsa."

Alamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika ku ofesi ya kasitomu.

Ndinamutengera Esinati kuseri kwa ngolo. Ndinali nditakonza mawu aukali, koma anali atasungunuka onse.

"Iwe, ukumuphera mwana tsogolo. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, achimwene," anayankha osandiyang'ana. "Ndinayamba ndi samu imodzi, kuti ndimuthandize. Nditaikhoza, aphunzitsi aja analemba kuti wachita bwino. Ine chibadwire palibe anandilemberapo zimenezo. Ndinati ndiyesenso ina. Kenako zinanditsekemera." Anapukuta manja pa chitenje. "Ndinakwera thirakiyi kuti ndilondere mwamuna. Sindinadziwe kuti ndipezamo Sitandade 7 yanga."

Cholembera chofiira chinakhala m'thumba momwemo. Ndikanachonga chiyani? Ndikanachonga ndani?

Tsono musathamangire kumuseka mchemwali wanga, inu makolo anzanga, chifukwa ndimakudziwani. Ndi angati mwa inu amene mumalembera ana ntchito ya kunyumba? Lolemba lililonse ndimalandira makope a ana a Sitandade 4 olembedwa ndi dzanja la kalaliki wa ku khoti. Pali bambo wina kuno ku boma amene chaka chatha anabwera kudzakangana nane chifukwa ndinamulakwitsa mwana wake funso lina. Anakwiya kwambiri moti anaiwala n'kunena kuti, "Ine ndinawerengetsa kawiri!" Kusiyana kwake n'kwakuti inu mumalemba pofuna kuti mwana aoneke wanzeru kwa aneba. Esinati ankalemba chifukwa cha njala.

Ndipo njala imeneyi ili m'nyumba zambiri. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, tinavina tonse, ana anadzaza makalasi mpaka pansi pa mitengo. Koma ndani anakumbukira aja amene chitseko chinawatsekera chaka chimodzi kapena ziwiri ufuluwo usanafike? Ali ku Mkanda akusoka fodya, ali ku Dambe akufukula mtedza, ena akugulitsa zitumbuwa pa boda pomwepa. Ambiri ndi alongo athu, ndipo enafe tinaphunzira titaponda pamsana pawo. Timawatumizira sopo pa Khirisimasi n'kumati tabweza.

Za intanetiyo, sindinasinthe maganizo kotheratu. Mphunzitsi amene sangasiyanitse mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ndi mayi wa ana awiri ali ndi vuto la maso. Makina saona kuti mwana akuluma pensulo. Mwana amafunanso anzake oti akangane nawo, kubera nawo mango, ndi kuphunzira kuti dziko si bambo ndi mayi okha. Komabe ndivomere, ngakhale zikundiwawa: kamtsikana kaja kaona zinthu m'miyezi isanu ndi itatu zomwe ine ndimangozijambula pa bolodi.

Mlandu tinaugamula chonchi, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Tadala atsike, akhale kwa ine mpaka alembe mayeso ake. Mwayi akadali wamng'ono, apitirize ulendo ndi amayi ake, koma azilemba yekha ngakhale alakwitse zonse. Ndipo Esinati awauze zoona aphunzitsi a ku Joni, n'kupempha kulembetsa m'dzina lake.

Kalata yopepesayo tinailembera limodzi pa laputopu, kuti akaitumize akafika ku Chipata. Ine ndinkatchula mawu, Tadala akutayipa. Tili pakati, Esinati anandigwira mkono.

"Achimwene, liwu ilo lili ndi zilembo ziwiri zofanana pakati. Aphunzitsi anandikonzapo."

Tinayang'ana mu dikishonale. Ankanena zoona. Nkhani imeneyi ithere pomwepa, musakaifikitse kwa ahedi.

Alamu atabwerako ku kasitomu n'kumva chigamulo, anafunsa funso limodzi lokha, mwaulemu kwambiri.

"Ndiye kuti mayi a Tadala akutsika nawo?"

"Ayi," anayankha Esinati. "Sukulu yanga ili m'thiraki."

Sindinaonepo munthu akuvomera maphunziro a mkazi wake ndi nkhope yachisoni chotero.

Lachitatu thiraki inawoloka. Tadala analira pang'ono, kenako anafunsa ngati kwathu kuli magetsi. Lachinayi m'mawa ndinamuperekeza ku sukulu ina yapafupi, ya njerwa ndi malata, yokhala ndi belu ndi mbendera. Ndinamusiya pakhomo la kalasi mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti mwana wabwerera ku maphunziro enieni.

Madzulo ndinamufunsa kuti zayenda bwanji.

"Bwino, amalume. Koma aphunzitsi sanabwere. Akuti apita ku Lilongwe kukatsatira za kukwezedwa pantchito. Anasiya kope, mtsikana wina ndiye amatilembera pa bolodi."

"Abwera mawa," ndinatero.

"Anzanga akuti anapita Lolemba." Anayamba kumasula nsapato. "Aja a ku Joni ukawafunsa funso amayankha, ngakhale patapita masiku atatu. Awa ndiwafunsira kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditeteze ntchito yanga, koma ndinakumbukira masiku amene inenso ndasiyira ana kope n'kupita ku maliro a munthu amene sindinkamudziwa bwinobwino.

Aphunzitsi anzanga, tisanaseke sukulu ya m'thiraki, tandiyankhani: pakati pa mphunzitsi wa ku Joni ndi ife amene timakhala kuseri kwa mpanda wa sukulu, ali kutali ndi mwana ndani?