Tizitsulo Tofiira ta ku Chowa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Nditamaliza sukulu ndinkakhala ndi azakhali ku Natuseko, n'kumawathandiza kugulitsa kapenta ndi nyemba zochokera kwathu ku Petauke. Loweruka lina anandituma ku Chowa kukasiya katundu kwa kasitomala. Ndikudutsa pa holo ina yakale ya malata adzimbiri, ndinamva munthu akuzunza kalipenga kotchedwa koneti. Mayo ine! Ndinakulira m'bandi ya kutchalitchi, ndiye lipenga likamalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga, mtima wanga sukhazikika. Ndinatula thumba pakhomo n'kulowa.

Wozunzayo anali kamtsikana konenepa, masaya katatupitsa ngati chule. Pambali pake panali kamnzake kowonda, kakuseka mpaka misozi.

"Iwe mwaiche, ufuna kuphulika? Masaya satupisa so!" ndinatero.

Pakona panakhala bambo wachikulire akupukuta tolomboni. Amenewa anali ba Daka, omwe analiza lipenga m'bandi ya pamgodi usanatsekedwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundiuza kuti ndisonyeze mwanayo mmene amalizira. Nditaliza, anangoti, "Ngati uziba kukalipa, uzazibanso kuphunzisa. Ubwele sabata yobwela." Basi, ntchito ndinaipeza choncho. Wamasayayo anali Mapalo, wosekayo anali Taonga, ndipo awiriwa sankasiyana.

Sukulu yathu inali ya ana amene makolo awo sangalote n'komwe zogula lipenga. Kholo linkapereka chimene lakwanitsa. Losowa linkangopatsa mwana makala m'kapulasitiki, ndipo makalawo ankagwira ntchito yaikulu, monga mumve. Malipiro anga anali ogulira sopo ndi kukwerera minibasi, koma sindinadandaule.

Ndinkaganiza kuti ndikhala mphunzitsi woyenda ndi ndodo patsogolo pa bandi. Kunama! Ba Daka anandipatsa mbaula, poto ndi beseni. Lipenga lililonse lili ndi kachitsulo koika pamilomo, kamene oimba amati mausipisi, ndipo kamachotseka. Ana anali ambiri kuposa malipenga, choncho ankaphunzira m'magulu awiri. Gulu loyamba likamaliza, ndinkasonkhanitsa tizitsulo tonse, kutitsuka m'madzi a sopo, kupisa kaburashi mkati mwa kamodzikamodzi, kenako kutiwiritsa m'poto mpaka madzi atabwata ndithu. Ndikatero ndinkatiyanika pansalu yoyera n'kuvundikira, chifukwa fumbi la ku Chowa silisiya kanthu. Lipenga lenilenilo saliwiritsa, limasupuka. Mavavu ake, timabatani todina ndi zala poliza, umachotsa imodzi, kuipukuta, kudonthezera mafuta pang'ono, n'kuibwezera usanachotse ina. Ukasokoneza, mpweya sudutsa, mwana amangofiira maso.

Pophunzitsa, ba Daka anali ndi lamulo limodzi limene sankatopa nalo. Ana ankakhala awiriawiri, akuliza mawu amodzi. Mawu akakhala aatali, awiriwo asapume nthawi imodzi. Wina akamakoka mpweya, mnzake apitirize, kuti womvera asadziwe kuti wina anasiya. "Mpweya wa munthu umozi ni ung'ono," ankatero. "Mvela munzako."

Mapalo ndi Taonga anali akatswiri pa zimenezi. Ankagundana mabondo podziwitsana. Mapalo anali ndi mphamvu, Taonga anali ndi khutu. Taonga ameneyu ndinkamukonda, sindibisa. Mayi ake anamwalira ali wamng'ono, bambo ake ankaswa miyala kufupi ndi mgodi wakale, ndipo iye ankafika woyamba, kapulasitiki ka makala kali m'manja. Akagwira koneti ankasintha nkhope, n'kukhala ngati munthu amene wafika kwawo.

Nyengo yozizira itafika, Taonga anayamba kutsokomola. Tinkati ndi fumbi. Kenako mawu aatali anayamba kumukanika, diresi likumukulira. Ba Daka ndi amene anauza bambo ake kuti asazengereze, apite naye kukiliniki. Anamupeza ndi chifuwa chachikulu. Anakhala kunyumba miyezi yambiri akumwa mankhwala, ndipo Mapalo ankaliza yekha, mawu ake akudukaduka pakati.

Tsiku limene anabwerera, bambo ake anamuperekeza mpaka pakhomo, fumbi la miyala lili m'nsidze. "Ku kiliniki bakamba ati wapola, mankhwala wasiliza," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Iyi bandi ndiye yenze kumumwesa mapilisi. Akakana, nenze kumuuza ati sudzalizanso." Ndinam'kumbatira Taonga mpaka anadandaula kuti ndimuthyola nthiti.

Koma nkhani m'komboni imathamanga kuposa minibasi. Loweruka lotsatira, gulu lachiwiri litangokhala pamabenchi, analowa azimayi angapo. Patsogolo panali bana Mapalo, mayi ake a Mapalo, amene ankagulitsa zodzoladzola pamsika wa Nakoli. Sanabwere ndi mwano. Anapereka moni bwinobwino, kenako anatulutsa kabotolo ka polishi wofiira wa zikhadabo n'kukaika patebulo.

"Ba Masta, sitifuna ndeo," anatero. "Uyu mwana sitimuzonda. Manje bana bathu baika vinthu ivi pakamwa. Kake mukapake red, kazinkhala mu chitini chake, na poto yake. Akhale ku benchi ya kumbuyo. Ngati simufuna, tizatenga bana bathu."

Magazi anandithamangira kumutu. Ine amene ndinkapsa zala ndi poto uja sabata iliyonse! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse ngati kunyumba kwawo amawiritsa masipuni, koma ba Daka anandigwira pachigongono. "Nkhala zii," ananong'ona.

Taonga anamva zonse. Sanalire. Anatsegula kavavu kotayira malovu, n'kupukuta koneti ndi nsalu monga ndinamuphunzitsira, kuyambira kukamwa kwake kotambasuka mpaka kumavavu. Anaigoneka m'bokosi lake, n'kuika kachitsulo patebulo pafupi ndi kabotolo kaja. Kenako anayamba kulowera kukhomo. Mtima wanga unasweka, chifukwa mwanayo ndinkamudziwa. Akanatuluka pakhomo paja atapatulidwa choncho pamaso pa anzake, sakanabwereranso, ngakhale titamugwadira.

"Taonga, sininakumasule," anatero ba Daka. "Imilila apo."

Anatsegula kabotolo kaja, fungo lake n'kudzaza holo. Anatenga kachitsulo ka Taonga n'kujambula mzere wofiira kuzungulira kunja, kumunsi, kumene milomo sifika. Ine ndinati mumtima, mdala uyu watigulitsa. Koma atamaliza anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kachitsulo kawo. Ana onse ankakadziwa. Ankayenda nako kuyambira masiku a pamgodi, ndipo sankalola munthu kukakhudza. Anakapakanso mzere womwewo, n'kukaimika pafupi ndi ka Taonga.

"Chifuba ichi na ine chinanigwila," anatero. "Nenze mwamuna mukulu, na bana. Ninamwa mankhwala, ninapola. Zaka zonse izi naphunzisa bana banu na chifuba chamene ichi. Ngati red ni ya bamene banadwala, nayamba ndine. Tizankhala tonse kumbuyo."

Ndinawagwirira ntchito nthawi yonseyo osadziwa.

Bana Mapalo anakhala pansi pabenchi. Anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo atalankhula mawu awo anali ena. "Batate bake Mapalo banayenda na chifuba," anatero. "Banabisa, banachedwa ku chipatala. Nasala chabe na uyu mwana umozi. Mufuna nichite bwanji?"

Apo mkwiyo wanga wonse unasungunuka. Ndinkaona mayi wankhanza, pomwe anali mayi wamantha.

"Mantha yanu yali bwino," anatero ba Daka mofatsa. "Wamene abisa ndiye oyofya. Uyu sanabise, anamwa mankhwala mpaka kusiliza. Ngati tamuchitisa nsoni lelo, mwana wina akayamba kukosomola, azakamba?"

Ndiye Mapalo anadzuka. Anazula kachitsulo pa koneti yake, n'kuyenda mpaka patebulo osayang'ana mayi ake. "Na kanga mupake," anatero. "Ine nikaliza neka, nimasila mpweya."

Pambuyo pake anadzuka wa tolomboni, kenako wa besi, kenako benchi yonse. Mwana wa ng'oma, wosowa chobweretsa, anabwera ndi timitengo take, ana n'kufa nazo kuseka. Ba Daka anandipatsa kabotolo kuti ndipitirize, poti maso awo anali atachita chidima. Ndinapaka kamodzikamodzi, misozi ikugwera pamkono, mizere n'kumakhota ngati njira ya woledzera.

Polishi atauma, tizitsulo tonse tinali tofanana. Palibe akanaloza kuti aka ndi ka Taonga. Ba Daka anati titsukenso pamaso pa makolo, aone okha. Ndinatulutsa mbaula panja, ndinatsuka ndi sopo, ndinapisa kaburashi, n'kuthira tonse m'poto mmodzi. Azimayi anaima mozungulira. Ine ndinkangodikira kuti wina agwire mwana wake padzanja azipita.

Bana Mapalo anasuzumira m'poto. "Aya manzi siyanabile bwino," anatero. "Moto wachepa. Iwe, leta chikatoni icho." Anandilanda kachidutswa ka katoni, n'kugwada pafumbi ndi chitenje chawo chabwino, n'kuyamba kukupiza mbaula. Anakupiza mpaka madzi anabwata, tizitsulo tikugundana m'poto. Anativuula okha ndi sipuni, n'kutiyala pansalu. Titazizira, anatola kamodzi osasankha n'kupatsa Mapalo. Anatolanso kena, n'kuyang'ana kukhomo kumene Taonga anali ataimabe.

"Bwela, mwana wanga. Tenga."

Tinalowanso m'holo. Taonga anakhala pamalo ake akale, pambali pa Mapalo, benchi yakutsogolo. Ba Daka anakweza dzanja, ana n'kuyamba kanyimbo kathu kophunzirira, kamene kamathera ndi mawu aatali. Mpweya wa Taonga unali usanabwerere wonse. Ndinamuona mapewa akugwa pakati pa mawu otsirizawo, koneti ikutsika. Bondo lake linagunda la mnzake. Mapalo, masaya atatupitsa monga mwa nthawi zonse, anagwira mawuwo osawasiya, mpaka Taonga anakoka mpweya n'kulowanso. Kenako Mapalo anapuma, Taonga n'kunyamula. Kwa amene anali pakhomo, mawuwo sanaduke ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo za masaya sindinakalipe.

Polishi sachedwa kusupuka m'madzi otentha. Pakangopita masabata ochepa, mizere inkayamba kufufutika, ena n'kutsala ndi kofiira, ena ayi. Ndikangoona choncho ndinkapakanso tonse, ndipo kabotolo kakatha bana Mapalo ankatumiza kena, pamodzi ndi makala.

Ba Daka anatisiya, ndipo holo ija tsopano ndimayendetsa ndine. Taonga ndi wamkulu, amaphunzitsa gulu la ang'onoang'ono, ndipo amakalipa za masaya kuposa ine. Ana atsopano amafunsa chifukwa chake tizitsulo tathu tili ndi mzere wofiira. Ndimawauza kuti ndi chizindikiro cha bandi yathu, ndipo si bodza. Kenako ndimawakhazika awiriawiri, n'kuwauza zimene ndinaphunzira pa mbaula paja: pano palibe amene amaliza yekha. Mnzako akatha mpweya, iwe gwira mawu mpaka abwerere.