Fainala Asankha Mafayilo Ngati Fodya

Mukafika pa Kasungu Boma n'kufunsa Fainala wotayipa, a kabaza akakutulani pakhomo pake penipeni osafunsanso wina njira. Kashopu kake kali kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi Moffat wokonza mafoni. M'katimo muli tebulo, benchi la makasitomala, pulinta imene imayamba yatsokomola isanagwire ntchito, ndi kompyuta imodzi yokalamba. Ine ndine Grey, mlembi wa komiti ya makuponi m'mudzi mwathu ku Chulu. Mayi ameneyu ndimamuvulira chipewa, ndipo chifukwa chake ndikuuzani ngakhale nkhaniyo imandiyalutsa ine ndemwe.

Fainala sanabadwire kuno. Anabwera ali ndi zaka zinayi, atakhala pa mtolo wa ziwiya pa lole ya esiteti imene inatenga makolo ake ku Phalombe kudzakhala matenanti. Anakulira m'chigafa, mmene amayanikamo fodya. Anzake akusewera phada, iye anali akusoka masamba. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankasankha fodya kuposa akuluakulu: tsamba akangoligwira ndi kulinunkhiza ankadziwa mulu wake. Sukulu anaiphunzira mwa apo ndi apo mpaka anaimaliza, kenako anakaphunzira kutayipa kuparishi kwa a Aloysius, kalaliki wopuma pa ntchito amene ankakakamiza ophunzira kulemba chilichonse m'kope.

Koma khalidwe la m'chigafa silinamuchoke. Fodya timamupachika poonekera, ndiye nayenso fayilo iliyonse ankaiika pa sikirini pomwepo, osaibisa m'foda. Chithunzi cha pa sikirinipo chinali cha kaphiri kobiriwira ndi mitambo, kobiriwira ngati munda wa munthu amene walandira makuponi a mudzi wonse. Pa kaphiri kameneko panadzaza timafayilo thothotho, ndipo iye ankatidziwa ndi malo ake, osati ndi mayina.

"Kalata ya abusa ili pa mtambo wakumanzere," ankatero. "Ya amayi ofuna ntchito aja ili m'tsinde mwa phiri."

Mayina ankangopereka mwachisawawa: "mayina", "mayina 2", "mayina enieni", "mayina enieni omaliza". Ndikamuseka ankandiyankha kuti mbuzi zake munthu sazidziwa ndi chiphaso.

Tsono chaka cha 2010 m'mudzi mwathu munachitika nkhani. Bambo ake a Fainala, a Samsoni, anali atasiya utenanti esiteti itatsekedwa, ndipo mudzi unawadulira kamunda kumalire. Komabe chaka ndi chaka dzina lawo silinkalowa pa mndandanda wa olandira makuponi a fetereza. Anthu ankati ndi obwera. Iwo sankadandaula pagulu, ankangolima chimanga chawo chachikasu ngati chodwala.

Pa msonkhano wolemba mayina chaka chimenecho mawu oti obwera atangomveka, mayi Ennie, amasiye a kumtunda, anaimirira n'kumanga chitenje.

"Manda a amuna anga anakumba ndani?" anafunsa. "Mvula ikugwa, eni mudzi muli pakhonde, m'dzenje munali a Samsoni. Pokumba manda ndi athu, pa fetereza ndi obwera?"

Ndinalemba dzinalo ndi dzanja langali, pa nambala 87, ndipo mtima wanga unasangalala kwambiri. Onse anali mayina 112, lililonse ndi nambala ya chiphaso chovotera cha mwini wake. Alangizi a zaulimi anatiuza mosapsatira mawu kuti mndandanda akuufuna wotayipa, Lachisanu 12 koloko isanakwane, ku Boma. Mudzi wochedwa adzaugwiritsira mndandanda wa chaka chatha. Pa wa chaka chathawo a Samsoni panalibe.

Lachitatu ndinapita nawo mapepalawo kwa Fainala. Zala zake zinkathamanga ngati mvula pa malata, koma atafika pa nambala 87 zinaima. Anatulutsa kansalu n'kumina, ati fumbi la ku Kasungu. Atamaliza tinapeza kuti inki ya pulinta yatha, ndiye tinagwirizana kuti ndidzatenge Lachisanu m'mawa.

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Ndinali ndi filashi yokhala ndi vidiyo ya kwaya yathu, ndipo ndinamupempha kuti aikopere mu kompyuta adzatiikire pa disiki. Anailowetsa, n'kutuluka kukafunsa za inki. Nthawi yomweyo matola a ku Chulu anayamba kuliza hutala. Ndinayang'ana kamzere kobiriwira kosonyeza kukopera pa sikirini, kali pakati, ndinayang'ana galimoto, ikusuntha. Ndinazula filashi ija n'kuliyatsa liwiro. Masana omwewo magetsi anathima ku Boma, osayakanso mpaka Lachisanu.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchitira kunyumba. Mapepala olemba pamanja aja ndinawasiya pakhonde nditawatsindika ndi mwala. Atsibweni anga a Tsoka amasuta chingambwe, fodya wopichira okha, ndipo amati pepala la m'kope limapsa mwaulemu kusiyana ndi nyuzipepala. Pofika Lachinayi madzulo mudzi wonse unali utapita m'mwamba ngati utsi. Kanatsala kangodya kokha ka mayina awiri.

"Ndimayesa zatha ntchito, mphwanga," anatero akundipatsa kangodyako.

Ndinangoseka. Zonse zinali mu kompyuta, ndiye ndikanadandauliranji?

Lachisanu tinalawirira pa njinga ndi a Samsoni, amene anavala jekete ya kutchalitchi kuti akaone okha dzina lawo likutuluka m'makina. Tinafika cha m'ma 9 koloko. Fainala anatilonjera, koma nkhope yake inali ya munthu amene wapeza nkhokwe yobooka.

"Alembi, taonani izi."

Kaphiri kaja kanali mbee, kopanda kafayilo ndi kamodzi komwe. Kamzere ka timabatani ka m'munsi mwa sikirini nakonso kanali katasowa. Pakapita kanthawi timafayilo tinkatulukira tonse, kuphethira kamodzi, n'kuzimiriranso, ndipo pankabwera kabokosi kopepesa m'Chingerezi. Kachitatu timafayiloto sitinabwerenso n'komwe.

"Pulogalamu imene imaonetsa mafayilo ndi mafoda ikugwa," anandifotokozera. "Tsopano ikukaniratu kudzuka. Ndazimitsa ndi kuyatsa kanayi konse."

Moffat wa mafoni anali atasuzumira kale pakhomo, sikuludiraiva ili kukhutu.

"Imeneyo ndi vairasi, achemwali, kapena magetsi aja apsereza china chake. Tingofomata basi. Theka la ola, ikhala ngati yatsopano."

"Kufomata ndiye kutani?" anafunsa a Samsoni.

"Kusesa zonse, madala. Mbee."

"Sesani, palibe kanthu," anatero Fainala akutembenukira kwa ine. "Nditayipanso. Alembi, mapepala aja mwabwera nawo?"

Ndinatulutsa kangodya kaja n'kukaika patebulo. Ndinafotokoza za atsibweni anga maso ali pansi. Moffat anaseka mpaka anagwira chitseko. A Samsoni sanaseke. Anavula chipewa, n'kuchiika pa bondo, n'kumangochisisita. Mayina tikanatha kuwakumbukira, koma manambala a ziphaso 112 ndani angawasunge m'mutu? Ndipo kupita ku Chulu ndi kubwerako, 12 koloko ikanatipeza m'njira. Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Fainala anandiponyera diso. Kenako anati, "A Moffat, bwererani ku mafoni anu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kope la kwa a Aloysius, lothimbirira, lomangidwa ndi ulusi wosokera fodya. Ananyowetsa chala, n'kufufuza tsamba. Anadina mabatani atatu nthawi imodzi, ndipo panatseguka kazenera. Kuchokera m'menemo anatsegula kena kakuda bii, kopanda chithunzi chilichonse. Anatayipa timawu tochepa akuonera m'kope, ndipo mayina a mafayilo anayamba kutsika mndandanda, oposa mazana atatu.

"Fodya alimo," anatero. "Chitseko cha chigafa ndiye chakana."

"Tengani wathuyo basi!" ndinafuula.

"Uti? Ine ndimaudziwa kuti uli pansi pa mtambo wachiwiri. Muno mulibe mitambo. Midzi yonse ya ku Chulu ndi kwa Mwase inatayipitsa kuno, ndipo yonse ndi 'mayina'. Kutsegula umodziumodzi pa kompyuta yaulesi ngati iyi, tifika Lamulungu."

Nthawi inali itadutsa 10 koloko. Fainala anatsamira mpando, n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, belo la fodya likabwezedwa ku okushoni kuti likununkha, timatani?"

"Timalimasula," anayankha a Samsoni msangamsanga, ngati afunsidwa dzina lawo. "Sikuti fodya yense amakhala woola. Imakhala ndindi imodzi, kamtolo ka masamba, imene inalowa yonyowa. Umagawa pawiri, n'kununkhiza uku ndi uku. Kumene kukununkhako umagawanso."

"Basi, khalani pafupi."

Anatayipanso m'kazenera kakuda kaja, n'kusamutsa mafayilo onse kuwachotsa pa kaphiri kuwaika m'foda yatsopano. Atatero anaidzutsa pulogalamu ija, ndipo inadzuka bwinobwino. Kamzere ka m'munsi kanabwerera, osathawanso.

"Mwaona? Kompyuta ilibe mlandu. Chovunda chili m'katundu wathu."

Anagawa mafayilo aja milu iwiri. Anatsegula mulu woyamba, zonse zili bwino, koma mndandanda wathu munalibe. Atatsegula wachiwiri, pulogalamu inagwa pomwepo.

"Uwu ndiye ukununkha!" anakuwa a Samsoni, atasendeza benchi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini.

Anadinanso mabatani atatu aja, kuidzutsa, kugawanso pawiri. Ntchito inayenda choncho. Pulogalamu ikagwa, a Samsoni ankawomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa. Telala anasiya makina ake kudzaonerera, mayi wina wogulitsa mtedza anakhazika dengu pakhomo, Moffat naye anabweranso, ati akungodutsa. Ine ndekha ndi amene ndinkayang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu, chifukwa mndandanda wathu unkangokakamira ku mulu wonunkha.

Pa kugawa kwachisanu ndi chitatu anatsala mafayilo awiri. Imodzi inali "mayina enieni omaliza 3". Inayo inalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: "KWAYA CHULU".

Fainala anayang'ana kukula kwa fayiloyo, n'kuyang'ana ine.

"Alembi, vidiyo iyi ndi yoduka. Pulogalamu ikati iisuzumire kuti ionetse kachithunzi kake, ikupunthwa. Kodi filashi yanu ija inatuluka bwanji?"

"Matola amanyamuka, mayi."

"Ndiye munazula?"

"Ndinazula."

"Mapepala munasutitsa, filashi munazula. Mudzi unakusankhani ndi maso otsegula?"

Anthu anaseka mpaka mayi wa mtedza anakhala pansi. Ine ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Anafufuta kwaya yathu yoduka ija, n'kutsegula fayilo inayo. Mayina 112 anali ndondondo, manambala ake ali pambali. Pulinta, inki yatsopano ili m'kati, inatsokomola kawiri monga mwa mwambo wake, n'kulavula mapepala atatu.

Inali 11:40. Njinga yanga ndinaisiya pomwepo poopa kuti miyendo indinyenga. Ndinakwera kabaza n'kumuuza kuti apalase ngati akuthawa njuchi. Alangizi ndinawapeza atakwera kale njinga yamoto, akumanga chipewa. Analandira mapepalawo, kuwerenga mwapatalipatali, n'kuwaika m'chikwama.

Kuyambira tsiku limenelo Fainala anasintha pang'ono. Mafayilo amawaika m'mafoda, mudzi uliwonse foda yake, ngakhale makalata a anthu amene amawakonda amawasiyabe pa mitambo. Pa khoma anamata chikalata choti wozula filashi yekha adzasesa shopu sabata yathunthu. Dzina langa sanalilembepo, koma Boma lonse limadziwa.

Nditabwerera ku shopu masana amenewo, ndinapeza anthu atabalalika. Fainala anali atapulinta tsamba lachitatu kachiwiri, ndipo anakhala pa benchi pambali pa bambo ake. A Samsoni sadziwa kuwerenga. Mwana wawo anagwira chala chawo chokakala chija n'kuchiyendetsa pa mzere wa nambala 87, chilembo ndi chilembo.

"Ili ndi langa?" anafunsa.

"Lanu, ababa. Pamwambapa palembedwa dzina la mudzi."

A Samsoni sanachotse chala pamzerepo.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi fodya wanga ankapita ku okushoni," anatero. "Pa belo pankalembedwa dzina la wina."

Fainala anatulutsanso kansalu kaja. Ulendo uno sananamizire fumbi.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Atsibweni anga a Tsoka anali pakhonde, thumba la fodya lili pa bondo, akufunafuna chopichirira. Ataona kansonga koyera kakusuzumira m'thumba la jekete ya a Samsoni, maso awo anawala.

"Achimwene, kapepalako katha ntchito?"

A Samsoni anatsika pa njinga, n'kuphimba thumbalo ndi dzanja.

"A Tsoka, fodya ndikupatsani, ngakhale machesi. Koma ili ndiye simusuta. Muli ine m'menemu."

Atafika kunyumba kwawo, a Samsoni analikulunga m'pepala la shuga n'kulisomeka kudenga, pamwamba pa mphasa yawo, ndipo mpaka lero lili pomwepo.