Agogo osamenyetsa chitseko

Agogo oyandikana nafe ku Lawrence, kuno ku America, samenyetsa chitseko. Ngakhale supuni amaiika patebulo ngati dzira. Akuti anazolowera m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, momwe kaphokoso kakang'ono kakanatha kuulula kwa adani pamene sitimayo yabisala.

Sitimayo inkanyamula mizinga ya nyukiliya. Amakonda kundifotokozera kuti mzinga umakankhidwa ndi mpweya kuchokera m'madzi, n'kuyaka ukangotulukira kunja, komanso kuti yamakono imafika kutali katatu kuposa ya nthawi yawo. Akatero amamaliza ndi mawu awo aja: "Ntchito yathu inali yoti isaponyedwe."

Mu 2016 achimwene anandiimbira kuchokera ku Zomba. "Mayi matenda akula, ubwere." Ndinapita kwa agogowo kukawapempha kuti azindionera nyumba, n'kuwaonetsa mavitamini amene ndinagulira mayi.

Nditawauza zimene achimwene ananena, anandifunsa: "Kodi kwanu imfa amainena pafoni?"

Kwathu satero. Ndinkadziwa, kungoti sindinkafuna kudziwa.

"Ifenso sankatiuza," anatero. "Akuluakulu athu ankati wosunga mizinga asasokonezeke mutu. Bambo anga anaikidwa m'manda ine ndili pansi pa madzi, ndikusewera makhadi. Iwe usakamve uli wekha."

Anakhala nane pamene ndinkaimbiranso achimwene kuti andiuze zoona. Mayi anali atamwalira kale. Kenako anandiperekeza okha ku eyapoti ya Indianapolis. Ndinalira njira yonse, iwo osandiletsa, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Nditatsika, anatseka chitseko cha galimoto pang'onopang'ono, osamveka n'komwe.